Nalipenga ndi Mawaya a M'mano

MUTU 6

1. Lipenga likana

Pasukulu ponse panalibe amene ankamuitana ndi dzina lake lenileni. Anzake, aphunzitsi, ngakhale alonda a pageti, onse ankangoti Nalipenga. Dzinali analipata chaka chake choyamba ku sekondale, tsiku limene anaomba lipenga la bandi ya sukulu mpaka akhwangwala onse kuthawa padenga la holo.

Koma chaka chino zinthu zinali zitasintha. M'kamwa mwa Nalipenga munali mawaya owongola mano. Pa dzino lililonse adokotala anamatapo kanthu koyera, kolimba ngati makapu adothi aja amayi amasungira alendo, ndipo kawaya kankadutsa pa tinthuto kuchokera tsaya ili kukafika tsaya linalo. Adokotala ankatitchula kuti timabulaketi ta seramiki. Munthu akaima patali sankationa n'komwe. Koma lipenga linkatidziwa.

Akangolikanikiza pamilomo, timabulaketi tinkamucheka mkati. Mawu otsika ankatuluka bwinobwino, koma akati akwere m'mwamba, lipenga linkalira ngati mbuzi yomangidwa.

Lachitatu masana bandi inali m'holo kukonzekera mpikisano wa masukulu wa Loweruka. M'nyimbo yawo munali malo amene ng'oma zonse zinkangoti zii, lipenga limodzi n'kumaimba lokha. Malo amenewo anali a Nalipenga kuyambira kalekale.

Anayesa, lipenga linatsamwa. Anayesanso, anyamata a ng'oma anafa nalo phwete. Atalichotsa pakamwa, pa kachitsulo koombera panali magazi.

Aphunzitsi a bandi anatsitsa kandodo kawo.

"Basi, mwanangu, usadzipweteke. Masaya, bwera kutsogolo kuno. Loweruka uimba ndiwe."

Masaya anali mnyamata amene akamaomba lipenga nkhope yonse inkafufuma ngati chule. Anabwera monyang'wa, akupukuta lipenga lake pamalaya.

Anzake atabalalika, aphunzitsi anamuitana Nalipenga pambali.

"Tamvera kuno. Ine ndaphunzitsapo ana ambiri a mawaya. Onse amalira miyezi yoyambirira, kenaka milomo imazolowera. Uziika phula lija anakupatsa adokotala pa timabulaketi. Uziomba mofatsa, mawu aataliatali, osalimbana nalo lipenga ngati mdani. Mpikisano umabwera chaka ndi chaka, koma pakamwa uli napo pamodzi pokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Usakachite zopusa chifukwa cha Loweruka limodzi. Wandimva?"

"Ndamva, aphunzitsi."

Koma pakhomo la holo anakumana ndi Masaya.

"Usadandaule," anatero Masaya. "Loweruka udzandigwirire chikwama cha lipenga. Nayonso ndi ntchito."

2. Guluu ndi guluu

Atafika kunyumba anapeza amayi ake ali pa makina osokera, tepi yoyezera ili m'khosi, akumalizitsa diresi la kasitomala. Anakhala pansi pafupi nawo.

"Amayi, tipite kwa adokotala mawa. Akangondichotsa mawayawa masiku ochepa okha, adzabwezere mpikisano ukatha."

Makina anaima.

"Iwe, tsiku lija adokotala ankalankhula unalipo, kapena makutu unawasiya kunyumba? Anati mano ako akadali paulendo, sanafike. Ukawamasula lero abwerera kumene achokera, kuja ankakwerana ngati anthu olimbirana basi. Anatinso guluu wake si wa nsapato ayi. Amauma ndi kanyali kabuluu kaja, ndipo akauma amagwira dzino ngati anabadwira limodzi. Si chipewa ichi choti uvule Lachisanu, uvale Lolemba. Womata ndi yemwe adzamatule, ndi zida zake, nthawi yake ikakwana. Ndikudziwa kuti zikukuwawa, mwanangu. Koma ndakuuza, usamatokose ndi pini, usamagwedeze ndi chala, ndipo wina aliyense asakulowetse chitsulo m'kamwa. Safunsa anadya phula."

Makina anayambanso kulira. Nkhani inathera pomwepo.

Kuseri kwa nyumba achemwali ake ankatsuka mbale. Iwowa ankagwira ntchito ku saluni, komwe ankamata azimayi zikhadabo zoikirira. Zonse zija anazimva pawindo.

"Amayi amaopa zilizonse," anatero motsitsa mawu. "Guluu ndi guluu basi. Ine tsiku lililonse ndimamata ndi kumatula. Kuthira mankhwala pathonje, kudikira pang'ono, chikhadabo chimangosolotoka chokha."

Nalipenga anaika pansi mbale imene ankapukuta.

"Ndiye mungathe, achemwali?"

"Aaa, iwe, ndikungocheza."

"Mabulaketi akutsogolo okhawa, apamwamba, pomwe pamakhala lipenga. Lolemba tidzauza adokotala kuti anagwa okha."

"Amayi akamva?"

"Amva kwa ndani? Chonde, achemwali. Masaya wandiuza kuti ndikamugwirire chikwama."

"Masaya wake uti? Chule uja?"

"Yemweyo."

Achemwali anayang'ana kuwindo, kenaka anayang'ana mng'ono wawo.

"Mawa abwana akupita kokagula katundu. Ukaweruka ubwere. Koma ukalira, ine ndisiya."

3. Kachipinda ka kuseri

Lachinayi masana mu saluni munali phee. Mayi wina ankawodzera mutu uli m'choumitsira tsitsi. Mnzawo wa achemwali, woluka tsitsi, anali pakhomo akusewera pafoni.

Achemwali anamulowetsa Nalipenga m'kachipinda ka kuseri. Munali matawulo onyowa, makatoni a tsitsi loikirira, ndowa, ndi kalilole wong'aluka pakona. Anamukhazika pampando wotsukira tsitsi, uja munthu amagona chagada mutu uli m'beseni. Pa katebulo anayala thonje, botolo la mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo, ndi kachitsulo kodulira zikhadabo, kakuthwa kukamwa ngati mlomo wa mbalame.

Woluka tsitsi uja anasuzumira.

"Mukutani muno? Mano? Eee, ine sindinaone, sindinamve." Anatseka chitseko.

"Yasamula," anatero achemwali.

Ananyowetsa thonje n'kuliika pa mano akutsogolo. Nthawi yomweyo fungo lake linabaya m'mphuno mpaka m'mutu. Nkhama zinayamba kutentha ngati wazithira moto. Misozi inatsikira m'makutu. Nalipenga anagwira mpando ndi manja onse awiri, koma sanalire.

Anadikira. Achemwali anachotsa thonje, n'kugwedeza kabulaketi kamodzi ndi chala. Kanali nji. Nkhama zokha ndi zomwe zinali zitayera ngati zawauka.

"Chikanakhala chikhadabo bwenzi chitafewa kale," anatero, mawu atasintha. "Iwe, tisiye. Guluu uyu si wamasewera."

Nalipenga analavula m'beseni.

"Yesani ndi chodulira."

"Ayi, ndikuopa."

"Tayamba kale, achemwali. Mukufuna ndipse nkhama pachabe? Kamodzi kokha."

Achemwali anapukuta manja pa epuloni. Anayamba ndi waya. Anaupana pakati pa mano awiri, n'kufinya. Waya unaduka, ndipo nsonga yake inafwamphuka n'kubaya mkati mwa mlomo. Nalipenga anadzidzimuka, koma anakodola ndi dzanja kuti apitirize.

Tsopano anapana kabulaketi ka dzino lalikulu lakutsogolo. Chitsulo chinaterereka n'kugunda nkhama. Anapananso. Anafinya ndi dzanja limodzi, osatheka. Anawonjezera linalo, n'kupotoza.

Thwa!

Kanalira ngati tambula yagwa pasimenti. Tizidutswa tinauluka. Kena kanawamenya achemwali pansi pa diso. Nalipenga, ali chigonere chagada, kukamwa kuli yasa, anakoka mpweya mwamantha. Pomwepo anatsamwa. Anadzuka n'kuyamba kutsokomola, kutsokomola, mpaka maso kufiira, mpaka kugwada pansi pafupi ndi ndowa.

"Lavula! Lavula, iwe!" Achemwali ankamumenya pamsana.

Chifuwa chitaleka, ululu wina unayamba. Mpweya ukangokhudza dzino lija, zinkakhala ngati wina walowetsamo singano mpaka m'diso. Nalipenga anakwawira pa kalilole.

Theka la kabulaketi linali likadali padzino, losongoka ngati botolo losweka. Pambali pake, pomwe kale panali poyera ndi posalala, tsopano panali pokumbika, pachikasu. Kuchokera pamenepo kamzere kakang'ono kanatsika mpaka kunsonga ya dzino. Waya unali utatulukira kunja, magazi akudontha pachibwano. Anayesa kutseka pakamwa, zinakanika.

Achemwali anaponya chodulira pa katebulo.

"Amayi andipha. Lero lokha andipha."

Anagwada n'kuyamba kutola tizidutswa pansi, kuika m'thumba la epuloni kuti abwana asadzatione. Woluka tsitsi anatsegula chitseko, anaona nkhope ya Nalipenga, n'kugwira pakamwa.

"Mukuchedwa ndi kusesa? Imbirani amayi anu!"

4. Pampando wa adokotala

Amayi anafika tepi ikadali m'khosi, mapini ali pachifuwa pa diresi. Anamuyang'ana Nalipenga. Anayang'ana mwana wawo wamkulu. Sanakalipe, sanafunse kanthu. Anangoimitsa takisi. Kukhala chete kwawoko kunali koopsa kuposa ndodo.

M'takisi Nalipenga anamva kanthu kakukanda pansi pa khosi, cha kumanja kwa chifuwa. Chifuwa chinkafuna kubwera, koma iye ankachimeza. Anaona kuti wawavutitsa kale mokwanira.

Adokotala a mano anali mayi wamfupi, wa imvi zakutsogolo, wosakonda kukweza mawu. Anamukhazika pampando, kuyatsa nyali yaikulu, n'kuyang'ana m'kamwa nthawi yaitali.

"Wachita izi ndani?"

"Ndine, adokotala," anayankha achemwali ali pakona.

"Ndinawakakamiza ndine," anatero Nalipenga movutikira.

"Ndi chiyani?"

Achemwali anafotokoza za mankhwala ndi za chodulira. Adokotala anatseka maso kanthawi. Kenaka anayamba ntchito. Anatsuka nkhama ndi madzi ambiri. Anadula bwino waya uja n'kuuchotsa. Anabaya jekeseni kuti dzino lichite dzanzi. Anamuveka Nalipenga magalasi oteteza maso, iwonso ndi anesi anavala awo. Kuseri kwa mano anaikako kansalu, ndipo anesi anagwira kapaipi koyamwa pafupi penipeni ndi dzino.

"Iwe wa zikhadabo, sendera kuno uone," anatero adokotala. "Sindikukuphunzitsa kuti ukachitenso. Ndikufuna udziwe chimene unkasewera nacho."

Achemwali anasendera.

"Mabulaketi achitsulo ukawapana amapindika, guluu n'kulekerera. Awa a seramiki sapindika. Amasweka ngati mbale. Ndipo guluu wake anapangidwa kuti apirire malovu, zotentha, zozizira ndi kutafuna kwa zaka. Mankhwala ako a zikhadabo sangamuchite kanthu, angowotcha mnofu wa mwana. Tsono ukakoka ndi mphamvu, china chake chiyenera kugonja. Guluu akakana, kabulaketi kamasweka. Kabulaketi kakakana, limagonja ndi dzino. N'chifukwa chake ife timayamba tachotsa waya. Kenaka timapala guluu wa m'mphepete, kuti chopanira chathu chigwire patsinde penipeni, pomwe guluu wakumana ndi kabulaketi. Chopaniracho chinapangidwira mtundu womwewu wa mabulaketi. Sitilimbana nako. Kakakanitsitsa timakapera pang'onopang'ono ndi makina, uku tikuthira madzi kuti dzino lisatenthe. Magalasiwa ndi oti kachidutswa kasalowe m'diso. Kansaluka ndi kapaipika ndi zoti kasalowe kukhosi. Iwe unali ndi chiyani pa zonsezi?"

"Ndinalibe kanthu, adokotala."

Makina analira mopyapyala. Madzi ankawaza, kapaipi kakuyamwa. Theka lija linatha pang'onopang'ono ngati sopo. Adokotala anasintha kamutu ka makina, n'kupukuta guluu wotsala mofatsa, akuima kawirikawiri kuti aone. Atamaliza anamupatsa Nalipenga kakalilole.

"Waona pachikasupo? Pamwamba pa dzino pamakhala chikuta choyera, cholimba kuposa fupa. Apa chachoka pamodzi ndi guluu. Mwanangu, khungu likang'ambika limapola. Fupa likathyoka limalumikizana. Tsitsi ndi zikhadabo ukadula zimamera. Koma chikuta cha dzino chikachoka, chapita. Ine ndimatapo chigamba chofanana ndi dzino, anthu sadzadziwa. Koma chigamba ndi chigamba. Chidzatha, udzabweranso, chidzathanso, mpaka udzakalamba ukuchisamala. Ndipo mng'alu uwu tiyenera kuulondola kuti tione ngati wafika pamtsempha. Ana inu mumaona munthu pafoni akuchotsa yekha mawaya uku akuseka. Amene anasweka dzino sajambula."

Nalipenga analira mwakachetechete. Amayi anali chiimire pafupi ndi chitseko, manja atapinda pachifuwa.

5. Kaphiko kamodzi

Adokotala anavula magalasi.

"Tizidutswa tinato tili kuti?"

Achemwali anapisa m'thumba la epuloni mwamanyazi, n'kukhuthulira m'kambale kachitsulo. Munali tizidutswa toyera, tsitsi, ndi fumbi.

Adokotala anatsegula kabati n'kutenga kabulaketi katsopano. Anakaika pambali, n'kuyamba kulumikiza tizidutswa tija ndi kopanira kakang'ono. Anatembenuza aka, kusuntha ako. Anesi anaweramira pomwepo. Kenaka onse awiri anayang'anana.

"Theka lomwe linatsala padzino ndapera ndine," anatero adokotala. "Theka linalo liyenera kukhala ndi timapiko tiwiri tomangirapo waya. Pano pali kamodzi. Unatola tonse?"

"Ndinafufuza paliponse, ngakhale pansi pa makatoni."

"M'beseni?"

"Munalibe."

"Pamene kankasweka, mwanayu anakhala bwanji?"

Achemwali anayankha motsitsa mawu.

"Anagona chagada."

Pomwepo chifuwa chimene Nalipenga ankachimeza chija chinamupambana mphamvu. Anatsokomola mpaka kupindika pampando. Chinali chifuwa chouma, chosatulutsa kanthu. Amayi anathamanga kuti amumenye pamsana, koma adokotala anawagwira dzanja.

"Ayi, mayi, musamumenye. Akupuma, musiyeni atsokomole yekha." Anadzutsa mpando kuti Nalipenga akhale tsonga. "Chifuwachi chayamba liti? Undiuze zoona."

"Ku saluni. Katangosweka."

"Bwanji sunanene ndisanakugoneke pampandowu?"

"Ndimaopa amayi."

Amayi anagwira pamtima.

"Aliyense akhale chete," anatero adokotala. Anesi anazimitsa makina onse. M'chipindamo munangoti zii.

"Puma. Pang'onopang'ono."

Nalipenga anakoka mpweya. Onse anamva. Kuchokera m'kati mwa chifuwa munkatuluka kamluzu kakang'ono, kopyapyala. Anatulutsa mpweya, kamluzu kanabweranso.

Adokotala anavula magolovesi mofulumira.

"Mayi, mvetserani bwino. Kachidutswa kakapita m'mimba, kawirikawiri kamatuluka kokha. Koma aka ndikuona ngati kalowa njira ya mpweya, ndipo ndi kakuthwa. Kuno ndilibe zida zokachotsera. Tikupita kuchipatala chachikulu pompano. Akamuunike, ngakhale seramiki nthawi zina saoneka bwino pachithunzi, mwina mpaka alowetse kapaipi ka kamera. Asamwe madzi, asadye kanthu, asagone. Anesi, imbani muwauze kuti tikubwera. Tikwera galimoto yanga, ambulansi itichedwetsa."

Achemwali anayamba kulira mokweza.

"Kulira ukalirira m'galimoto," anatero adokotala. "Tenga kambaleko, madokotala akaone kukula kwa chimene akufunafuna."

Nalipenga anaimirira. Amayi anamugwira m'chiuno. Kwa nthawi yoyamba chichokereni ku saluni, analankhula.

"Ndili pompano, mwanangu. Sindikukalipira. Ingopuma."

Anthu odikira pabenchi anapatuka okha ataona nkhope zawo. Panja dzuwa linali litapendeka, msewu utadzaza ndi anthu oweruka kuntchito. Anamukhazika Nalipenga kumbuyo, pakati pa amayi ndi achemwali. Adokotala analiza injini, n'kutembenuza kalilole wa kutsogolo kuti azimuona.

"Usalankhule. Ukamva kuti kasuntha, kapena mpweya wayamba kuchepa, ungokweza dzanja. Wamva?"

Nalipenga anagwedeza mutu.

Galimoto inatuluka pageti n'kulowa mumsewu. Kutsogolo, pa mphambano, magalimoto anali ataima mdadada, mabasi ndi malole, palibe loyenda. Adokotala analiza hutala. Palibe anasuntha.

Amayi ankapemphera chapansipansi. Achemwali anagwiritsa kambale ka tizidutswa kaja pamiyendo. Adokotala anayang'ana pa kalilole.

Nalipenga anali atakweza dzanja.